Mutu 9: Tulo Sakakamiza

Pa ntchito zambiri za pansi pano khama limapindula. Wolimbikira kumunda amadzaza nkhokwe, wolimbikira mabuku amakhoza mayeso. Tulo tokha ndi timene timadana ndi khama, pakuti munthu akamayesetsa kuti agone m'pamenenso maso amauma gwa. Amene vutoli linawagwerapo amadziwa mmene zimakhalira. Madzulo akuwodzera pa mpando, koma kungofika pa bedi n'kuzimitsa nyali, tulo tonse balala. Atembenukira uku, atembenukira uko, ayang'ana nthawi pa foni, awerengera maola amene atsala kuti kuche, mpaka tambala woyamba kulira.

Palibe munthu amene sanasowepo tulo. Usiku woti mawa kuli mayeso, mlandu kapena ulendo wautali, sabata ya maliro, masiku amene mwana wagonekedwa m'chipatala, aliyense amagona mwa apo ndi apo. Kusowa tulo kotereku kumatha kokha chimene chinakuyambitsa chikadutsa. Achipatala amayamba kukutenga ngati matenda pamene munthu akulephera kupeza tulo, kapena akudzidzimuka pakati pa usiku osagonanso, kapena akudzuka kusanache asakufuna, masiku 3 kapena kuposa pa sabata, kwa miyezi 3 kapena kuposa, ndipo zikumusokoneza pa ntchito zake masana. Pa anthu akuluakulu 10 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi vuto lofika pamenepa, ndipo amayi ndi okalamba ndiwo amakhudzidwa kwambiri.

Ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi piritsi. Komatu mu 2016 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti munthu wamkulu amene wakhalitsa ndi vutoli ayambe walandira chithandizo chotchedwa CBT-I asanapatsidwe mapiritsi. M'chithandizochi mulibe chakumwa kapena chobaya. Munthu amangophunzira kusintha zimene amachita ndi zimene amaganiza pa nkhani ya tulo, kwa milungu 4 mpaka 8. Zambiri mwa zimene amaphunzira angathe kuziyamba yekha kunyumba, ndipo ndi zimene mutu uno ukufotokoza.

Zimene zimabweretsa tulo

Mu 1982 wasayansi wa ku Zurich m'dziko la Switzerland, Alexander Borbély, anafotokoza kuti tulo timayendetsedwa ndi mphamvu ziwiri. Yoyamba tingaitche njala ya tulo. Imayamba kukula munthu akangodzuka ndipo imakulirakulira ola lililonse limene ali m'maso. Ofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zimene zimaikulitsa ndi kanthu kotchedwa adenosine, kamene kamaunjikana m'bongo maselo akamagwira ntchito, n'kuchepa munthu akagona. Njala imeneyi imafanana ndi njala ya chakudya. Amene wakhuta chigumu ndi mbatata cha m'ma 5 koloko madzulo angoyang'ana nsima ya usiku osaifuna. Chimodzimodzinso amene wagona maola 2 masana, kapena wadzuka dzuwa litakwera, wapha kale njala yake ya tulo, ndipo usiku adzafika pa bedi alibe.

Mphamvu yachiwiri ndi wotchi ya m'thupi. Mkatikati mwa bongo, pamwamba pa malo amene mitsempha yochokera m'maso imapingasana, muli kagulu ka maselo kamene kamasunga nthawi. Kamazungulira pafupifupi maola 24, ndipo tsiku lililonse kamakonzedwa ndi kuwala kumene kumalowa m'maso, makamaka kuwala kwa m'mawa. Kukada wotchiyi imalamula kuti thupi litulutse melatonin, amene ndi chizindikiro choti usiku wafika, ndipo kutentha kwa m'kati mwa thupi kumatsika. Kukacha zonsezi zimabwerera m'malo. N'chifukwa chake mlonda amene wachezera usiku wonse amavutika kugona masana ngakhale atatopa chotani. Njala ya tulo ali nayo, koma wotchi ikuti ino ndi nthawi yokhala m'maso.

Mphamvu ziwirizi zikagwirizana, munthu amagona osachitapo kalikonse. Funsani amene amagona bwino kuti amachita chiyani kuti agone, adzakuuzani kuti amangogona basi. Koma pali chinthu chachitatu chimene chimatha kugonjetsa ziwirizi, ndicho kukhala tcheru. Munthu akamva mapazi kuseri kwa nyumba pakati pa usiku, mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo tulo timachoka nthawi yomweyo. Limeneli ndi dalitso, chifukwa amene angagone wakuba ali pawindo sakhalitsa. Tsoka lake n'lakuti bongo susiyanitsa kwenikweni mapazi a wakuba ndi ganizo la ngongole ya katapila. Susiyanitsanso ndi ganizo lakuti: lero ndikapanda kugona, mawa ndithera pompo.

Choyambitsa ndi china, chosunga ndi china

Katswiri wa za tulo wa ku New York, Arthur Spielman, anagawa zinthu zobweretsa vutoli m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la chibadwa. Ena anabadwa ndi tulo tapafupi, todzuka ndi kulira kwa khoswe padenga, ndipo ena ndi a mtima wodera nkhawa msanga. Gulu lachiwiri ndi la zoyambitsa: imfa ya wokondedwa, kutha kwa ntchito, kusokonekera kwa banja, matenda, kubadwa kwa mwana. Gulu lachitatu, limene ndi lofunika kwambiri pano, ndi la zinthu zimene zimasunga vutoli choyambitsa chija chitapita kale.

Chodabwitsa n'chakuti zosungazi ndi zomwezo zimene munthu amachita pofuna kudzithandiza. Wagona mosakwanira dzulo, ndiye lero akuti alowe m'nyumba 8 koloko kuti abweze. Loweruka akuti asadzuke msanga. Masana akapeza mpata akuti atseke maso pang'ono. Kuntchito akumwa tiyi kapu pa kapu kuti asawodzere. Wasiya kupita ku kwaya, ku mpira ndi kocheza poti alibe mphamvu. Usiku akutenga kabotolo kuti kamugwetse. Chilichonse mwa izi chimaoneka chanzeru pa tsikulo, koma chilichonse chimapha njala ya tulo, kapena kusokoneza wotchi, kapena kuwonjezera mantha. Maliro aja anatha chaka chatha, mwana uja anachira, ntchito ina inapezeka, koma tulo sitinabwerere.

Apa mpamene pali chiyembekezo. Chibadwa simungachisinthe, ndipo zimene zinachitika zinachitika. Koma zosungazi zili m'manja mwanu.

Bedi likhale la tulo

Mu 1972 Richard Bootzin, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Northwestern ku America, anaona kuti anthu osowa tulo ambiri amagona mosavuta pa mpando, m'basi, m'tchalitchi kapena kunyumba ya eni, koma osati pa bedi lawo. Chifukwa chake n'chakuti bongo umaphunzira mwa kubwereza. Munthu akakhala miyezi akugubuduka, akudandaula ndi kuwerengera ngongole pa bedi limodzi lomwelo, bongo umayamba kuona bedilo ngati malo olimbana ndi mavuto. Ndiye kungoyala chofunda, thupi limakhala tcheru lokha, ngakhale usikuwo palibe chodetsa nkhawa.

Bootzin anapereka malangizo ochepa ofuna kuphunzitsanso bongo, ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero. Musapite kukagona chifukwa choti nthawi yakwana, koma chifukwa choti tulo tabwera. Kutopa ndi kwina, tulo ndi tina. Wotopa amafuna kukhala pansi, pamene wa tulo amayasamula, zikope zimalemera, mutu umagwa wokha. Bedi likhale la tulo ndi za m'banja zokha, osati lodyerapo, loonerapo mafilimu, lokambiranapo za fizi ya ana kapena loyankhirapo mauthenga a pa WhatsApp. Mukagona n'kuona kuti papita mphindi ngati 20 tulo osabwera, dzukani. Musachite kuyang'ana wotchi, mtima udzakuuzani kuti mwayamba kulimbana. Kakhaleni pena powala pang'ono, muwerenge zofatsa, mumvere wailesi chapansipansi, musoke kapena mupemphere, ndipo mubwerere pokhapokha mukayamba kuwodzera. Zikachitikanso, dzukaninso, ngakhale katatu usiku umodzi. M'mawa dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, Lamulungu lomwe, kaya mwagona maola 7 kaya 3. Masana musagone.

Wina anganene kuti malangizowa ndi a anthu a nyumba za zipinda zambiri. N'zoona kuti ambiri a ife timagona, kudya ndi kulandira alendo m'chipinda chimodzi, ndipo kutuluka panja pakati pa usiku si nzeru kwina kulikonse. Koma chofunika si chipinda china ayi. Chofunika n'chakuti thupi lidziwe kusiyana kwa kugona ndi kukhala m'maso. Mpando kapena mkeka wa pakona ndi wokwanira. Ngati ngakhale zimenezi palibe, khalani tsonga, tsamirani khoma, chotsani chofunda, ndipo mugonenso pansi tulo tikabwera. Uzani amene mumagona nawo zimene mukuchita, kuti asadabwe kapena kukuganizirani zina.

Kuchepetsa maola a pa bedi

Njira yachiwiri, imene Spielman ndi anzake anaifalitsa mu 1987, imamveka ngati yotembenuka: munthu wosowa tulo achepetse nthawi imene amakhala pa bedi. Imayamba ndi kulemba. Kwa milungu 2, m'mawa uliwonse lembani m'kope nthawi imene munakagona, nthawi imene mwadzuka, ndi maola amene mukuganiza kuti munagonadi. Kungoyerekeza n'kokwanira.

Titenge munthu amene amalowa m'zofunda 9 koloko usiku n'kudzuka 6 koloko m'mawa. Amenewa ndi maola 9. Kope lake likusonyeza kuti amagonadi maola 6 okha, enawo amathera kugubuduka. Ndiye kuti pa nthawi yonse ya pa bedi, ya tulo ndi 67 peresenti yokha, ndipo usiku uliwonse akuphunzitsa bongo wake kwa maola 3 kuti bedi ndi malo okhalira m'maso. Chimene ayenera kuchita ndi kusankha nthawi yodzukira, tinene 5:30 m'mawa, n'kuwerenga maola 6 chobwerera m'mbuyo. Nthawi yake yokagona tsopano ndi 11:30 usiku, ndipo asalowe m'zofunda isanakwane ngakhale atatopa bwanji.

Sabata yoyamba imakhala yowawa, tisanamizane. Masana munthu amawodzera kuposa kale, ndipo maola a pakati pa chakudya cha madzulo ndi 11:30 amatalika. Koma njala ya tulo imakula usiku ndi usiku, mpaka imagonjetsa mantha. Munthu amayamba kugona atangofika pa bedi, ndipo tulo timene tinali todukaduka timalumikizana. Akaona kuti kwa sabata yathunthu wagona 85 peresenti kapena kuposa ya nthawi ya pa bedi, awonjezere mphindi 15, azikagona 11:15. Sabata yotsatira zikayendanso bwino, awonjezere zina 15. Apitirize choncho mpaka apeze mlingo umene akudzuka nawo ali bwino.

Njirayi ili ndi malire ake. Nthawi ya pa bedi isachepere maola 5. Odwala khunyu ndi amene ali ndi matenda a maganizo osinthasintha, oti nthawi zina amasangalala mopitirira muyeso, asaiyese popanda dokotala, chifukwa kuchepa kwa tulo kumatha kudzutsa matenda awo. Amayi oyembekezera nawonso ayambe afunsa kuchipatala. Madalaivala a minibasi, a mathiraki, a kabaza ndi onse ogwira ntchito pa makina oopsa aiyambe pa nthawi ya tchuthi, kapena achepetse maola pang'onopang'ono.

Zikhulupiriro zimene zimathamangitsa tulo

Kusintha zochita kokha sikukwanira ngati mtima ukadali ndi mantha. Mantha ambiri a munthu wosowa tulo amachokera pa zinthu zimene amakhulupirira koma si zoona kwenikweni.

Choyamba n'chakuti munthu aliyense ayenera kugona maola 8 ndendende. Akatswiri amati akuluakulu ambiri amafunika maola 7 mpaka 9, koma pali ena amene amakhala bwino ndi ochepera pamenepa, ndipo munthu akamakalamba tulo timapepuka. Mu 2015 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Jerome Siegel wa ku Los Angeles linayeza tulo ta anthu a mitundu itatu amene amakhala kopanda magetsi: Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia. Anapeza kuti amagona maola a pakati pa 5.7 ndi 7.1 usiku umodzi, kuti sakagona dzuwa likangolowa koma amacheza maola oposa 3, ndiponso kuti odandaula za kusowa tulo pakati pawo ndi ochepa kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti tizidzimana tulo dala. Zikungosonyeza kuti muyeso woona ndi mmene munthu akumvera masana, osati nambala.

Chachiwiri n'chakuti kudzuka pakati pa usiku ndi chizindikiro cha matenda. Tulo sitiyenda mzere umodzi kuchokera madzulo kufika m'mawa. Timazungulira m'magawo a mphindi pafupifupi 90, kuchokera ku tulo tapafupi, kupita ku tulo tofa nato, kenako ku tulo ta maloto. Kumapeto kwa gawo lililonse munthu amayandikira kudzuka, ndipo kawirikawiri amadzukadi kwa kamphindi, kungoti m'mawa sakumbukira. Wolemba mbiri wa ku America, Roger Ekirch, anasonyeza m'buku lake la mu 2005 kuti kale ku Ulaya, nyale zowala kwambiri zisanafale, anthu ambiri ankagona tulo toyamba, n'kudzuka pakati pa usiku kwa ola limodzi kapena kuposa, kupemphera, kucheza kapena kusonkha moto, kenako n'kugona tulo tachiwiri. Sankaona ngati ndi vuto. Kudzukako si kumene kumapweteka. Chopweteka ndi ganizo lobwera pambuyo pake, lakuti zayambanso.

Chachitatu n'chakuti usiku umodzi woipa uwononga zonse, ndipo maola otayika ayenera kubwezedwa onse. Mu January 1964 mnyamata wa zaka 17 wa ku San Diego, Randy Gardner, anamaliza masiku 11 osagona, akuyang'aniridwa ndi akatswiri. M'masikuwo anavutika kukumbukira zinthu ndipo nthawi zina ankaona zinthu zomwe kulibe, choncho si zoti wina ayesere. Koma atagona, anagona maola oposa 14 n'kudzuka, ndipo patangopita masiku ochepa anabwerera ku magonedwe ake a nthawi zonse. Thupi silibweza ngongole ya tulo ola ndi ola. Limangozamitsa tulo ta usiku wotsatira. Ganizirani masiku amene munachezera pa maliro n'kupitabe ku ntchito m'mawa. Munatopa, munakwiya msanga, koma tsikulo linadutsa.

Pali chinthu chinanso chimene ofufuza aona mobwerezabwereza poyeza odwala ndi makina a m'chipatala: anthu osowa tulo ambiri amagona kuposa mmene amaganizira. Munthu amalumbira kuti sanaphethire usiku wonse, makina akusonyeza kuti anagona maola angapo. Sikuti akunama ayi. Tulo tapafupi timamveka ngati kukhala m'maso, ndipo mphindi za mumdima zimatalika. N'chifukwa chake wotchi ndi mdani usiku. Nthawi iliyonse mukaiyang'ana mumachita masamu, ndipo masamuwo amathamangitsa mtima. Tcherani alamu, ikani foni patali poti simungaifikire muli chigonere, ndipo musaione mpaka italira.

Dokotala wa maganizo wa ku Vienna, Viktor Frankl, ankalangiza odwala ake chinthu chooneka ngati nthabwala. Ankawauza kuti akagona asayese kugona, koma ayese kukhala m'maso, maso otsegula mumdima, modekha, osachita kanthu. Ambiri ankapezeka atagona. Chinsinsi chake n'chakuti munthu akasiya kulimbana, tcheru uja amazirala, ndipo njala ya tulo imapeza mpata. Simukuyenera kuikonda nthawi yokhala m'maso. Mukungoyenera kuleka kuiona ngati ngozi. Kugona phee mukupuma mwakachetechete nakonso n'kupumula, ngakhale sikufika pa tulo.

Nkhawa ipatseni nthawi yake

Anthu ambiri amatanganidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, moti nthawi yoyamba imene amakhala okha ndi maganizo awo ndi pamene azimitsa nyali. N'zosadabwitsa kuti fizi, lendi, feteleza ndi mawu amene apongozi ananena zonse zimabwera nthawi imeneyo. Njira yake ndi kuzipatsa nthawi ina. Madzulo, kukadali maola 2 kapena 3 kuti mukagone, khalani pansi ndi kope kwa mphindi 15. Lembani chimene chikukuvutani, ndipo pambali pake lembani chinthu chimodzi chimene mungachitepo mawa. Ngati palibe chimene mungachite, lembani zomwezo. Kenako tsekani kope. Ganizolo likabwera usiku, liuzeni kuti lalembedwa kale ndipo mudzalionanso mawa.

Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Baylor ku Texas anapeza kuti anthu amene analemba kwa mphindi 5 ntchito zimene akuyenera kuchita m'masiku otsatira anagona msanga kuposa amene analemba zimene anachita kale. Zikuoneka kuti bongo umagwiritsa chinthu poopa kuiwala, ndipo umachitula ukadziwa kuti chasungidwa pena. Kwa opemphera, pemphero la madzulo lotula nkhawa lingagwire ntchito yomweyi, bola lisasanduke njira inanso yokakamizira tulo.

Zakumwa, kuwala ndi kutentha

Zinthu izi pazokha sizichiritsa munthu amene wakhalitsa ndi vutoli, koma zikanyalanyazidwa zimabweza m'mbuyo zonse zimene tafotokozazi. Caffeine amatseka malo amene adenosine amagwira m'bongo, motero munthu samva njala ya tulo ngakhale ilipo. Thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuti lichotse theka la caffeine amene mwamwa. Ndiye kuti kapu ya khofi ya 5 koloko madzulo, theka lake likadali m'magazi 10 koloko usiku. Ambiri amadziwa za khofi koma amaiwala kuti tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje nayenso ali ndi caffeine, chimodzimodzinso Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene achinyamata amakonda. Wosowa tulo asiye zimenezi dzuwa likangopendeka. Fodya nayenso amadzutsa thupi.

Mowa ndi wonyenga. Umagwetsa munthu msanga, koma ukamatha m'magazi pakati pa usiku tulo timadukaduka, munthu amadzuka kukataya madzi, ndipo tulo ta maloto timasokonekera. Umawonjezeranso mkonono. Choipa kwambiri n'chakuti mlingo umene unagwira ntchito mwezi uno sukwanira mwezi wamawa, ndipo ambiri alowa m'uchidakwa kudzera pa khomo limeneli.

Kuwala kwa m'mawa ndi mankhwala aulere amene tili nawo ochuluka. Mukangodzuka tulukani panja, musese, mutunge madzi, muyende, kwa mphindi 20 kapena 30. Usiku chepetsani kuwala, ndipo ola lomaliza musanagone foni ipume. Vuto la foni si kuwala kokha, koma nkhani, mikangano ndi mavidiyo osatha amene amasunga bongo uli tcheru. Ntchito ya manja ndi masewera olimbitsa thupi masana zimathandiza tulo kuzama.

Popeza thupi limayenera kuzizira pang'ono kuti ligone, kutentha kwa mu October ndi November, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, kumasowetsa tulo ngakhale anthu amene alibe vuto. Kusamba madzulo, kuvala zopepuka ndi kulola mphepo kudutsa m'nyumba zimathandiza. Neti isasowe, chifukwa kupatula malungo, udzudzu umodzi wolira kukhutu ndi wokwanira kuwononga usiku.

Mapiritsi ndi nthawi yopita kuchipatala

Mapiritsi ogonetsa ali ndi malo ake. Dokotala angawapereke kwa masiku ochepa pa nthawi ya zovuta zazikulu. Koma diazepam ndi ena a mtundu wake thupi limawazolowera m'milungu yochepa, ndipo munthu akawasiya mwadzidzidzi tulo timasowa kuposa poyamba, ena mpaka amakomoka. Kwa okalamba amabweretsa chizungulire ndi kugwa. Amene wakhala akumwa kwa nthawi yaitali asasiye yekha, koma achepetse pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Piriton amene ena amagula kuti awagonetse ndi mankhwala a ziwengo, ndipo mphamvu yake yogonetsa imachepa m'masiku ochepa. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti phindu la piritsi limatha piritsi likatha, pamene zimene munthu waphunzira zimakhala naye.

Nthawi zina kusowa tulo kumakhala chizindikiro cha matenda ena, ndipo pamenepo kusintha zizolowezi kokha sikungathandize. Pitani kuchipatala ngati amene mumagona nawo akuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumasiya kupuma kwa kanthawi, makamaka ngati muli ndi BP ndipo masana mumangowodzera. Pitani ngati miyendo imanyerenyesa usiku n'kumafuna kuigwedeza, chifukwa nthawi zambiri zimenezi zimayenderana ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Pitani ngati mukudzuka kawirikawiri kukataya madzi, pakuti angakhale matenda a shuga kapena, kwa abambo, kutupa kwa prostate. Mphumu, nyamakazi, kutentha pa mtima, ndi kutentha thupi kwa amayi amene akusiya kusamba, zonsezi zili ndi chithandizo chake. Mankhwala enanso amasowetsa tulo. Ma ARV okhala ndi dolutegravir amatero kwa anthu ena, ndipo achipatala amatha kulangiza kumwa m'mawa m'malo mwa usiku. Musasiye mankhwalawo, kafotokozeni kumene mumalandirira. Ndipo ngati kusowa tulo kwabwera limodzi ndi chisoni chosatha, kusafuna kudya, kusakondwanso ndi zimene munkakonda, kapena maganizo ofuna kudzipha, musadikire sabata yamawa. Uzani wachibale ndipo mupite lero.

Kwa ena onse, njira ndi imene tafotokozayi, ndipo imafuna kupirira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku oyamba zingaoneke ngati zikuipiraipira, ndipo ngakhale mutachira, usiku woipa udzabwerabe mwa apo ndi apo monga umabwerera kwa munthu aliyense. Ukabwera musaubwezere pokagona msanga kapena podzuka mochedwa. Musayese kuyamba zonse tsiku limodzi. Sankhani nthawi yodzukira imene mungaisunge masiku 7 pa sabata, gulani kope, ndipo mawa m'mawa alamu ikalira dzukani mutuluke panja, kaya mwagona kaya simunagone. Chitani zimenezi kwa milungu 2 mukulemba, kenako muwonjezere zinazo. Zikapanda kusintha pakatha miyezi 2, tengani kope lanulo mukaonane ndi dokotala.